Tsiku Limene Ndinakana Kuzondotsa Baibulo

Ndinali ndi zaka khumi pamene anandisandutsa munthu wa m'nkhalango. Tinali titakhala ku Ireland chaka ndi theka, ine ndi amayi, m'chipinda chimodzi cha hositelo ya anthu odikira kumva ngati boma liwalola kukhala kapena liwabweza kwawo. Lamulungu lililonse tinkakwera sitima kupita ku tchalitchi china ku Dún Laoghaire, pafupi ndi doko, kumene mphepo inkabaya mpaka m'mafupa. Anthu akuda tinalipo awiri okha. Amayi ankayamba kufika, kuyala makapu a tiyi, kutsuka mbale, kumwetulira aliyense. Loya wathu anali atawauza kuti kalata ya abusa, yochitira umboni kuti ndife anthu amakhalidwe abwino, ingatithandize kwambiri kuti tisabwezedwe. Abusa anali atavomera, koma kalatayo anali asanalembe.

Chaka chimenecho mpingo unkatumiza banja lina kukalalikira ku nkhalango za ku South America, kwa mtundu wina wokhala kumtunda kwa mtsinje, umene ankati sunamvepo dzina la Yesu. Ankawatchula kuti anthu osafikiridwa. Mphunzitsi wathu wa Sande sukulu, Mayi Nuala, anakonza sewero lotsanzikana ndi banjalo. Ana ena anakhala amishonale, ena opalasa bwato la makatoni. Atafika pa munthu wa m'nkhalango, mayiwa sanavutike n'kuyang'ana ana ena.

"Tadala, mbali iyi ndi yako. Ikukuyenera," anatero akumwetulira.

Mbali yangayo inalibe mawu. Ndinayenera kuvala siketi ya mapepala obiriwira, kupakidwa utoto wofiira m'masaya, n'kuima wopanda nsapato. Amishonale akandipatsa Baibulo, ndinayenera kulinunkhiza, kuliluma, n'kuligwira chozondoka kuti anthu aseke. Kenako mnyamata wochita mbali ya mmishonale, Conor, alitembenuze, ine ndigwade mothokoza.

Ineyo, amene agogo anga aamuna anali mkulu wa mpingo ku Ntcheu, amene ndinaphunzirira kuwerenga pa Baibulo lawo lothothoka chikuto. Conor yemweyo sankatha kupeza buku la Masalimo popanda kuyang'ana mndandanda wa kutsogolo. Mtima unandiwawa kwambiri, moti titabwerera ku hositelo ndinakana chakudya.

"Amayi, ine play imeneyi sindipanga nawo."

"Upanga," anatero osandiyang'ana. "Ndi ten minutes basi. Letter ya abusa isanatuluke, sitikangana ndi munthu. Ukufuna case yathu iwonongeke chifukwa cha siketi ya mapepala?"

Tsikulo tchalitchi chinadzaza. Simenti inkandizizira m'mapazi, utoto unkandiyabwa, mapepala ankapanga phokoso ndikangosuntha. Conor anatsika m'bwato n'kundipatsa Baibulo. Ndinalinunkhiza monga anandiuzira, anthu n'kuphulika chiseko. Ndinakweza maso n'kuona amayi ali pa benchi yachitatu, akuyang'ana manja awo. Pamenepo china chake chinandikwera kumutu. Ndinalitsegula bwinobwino, n'kuwerenga salimo limodzi lathunthu m'Chingerezi mokweza, osaphonya liwu. Nditamaliza ndinalitseka, n'kulinenanso pamtima m'Chichewa.

Wina kumbuyo anawomba m'manja kawiri n'kusiya. Conor anaima ndi manja otambasula, osadziwa chochita, mpaka anayamba kulira. Mayi Nuala anafiira nkhope mpaka m'khosi, n'kuuza woimba limba kuti ayambe nyimbo.

Nthawi ya tiyi amayi anandigwira mkono mwamphamvu n'kundikokera pakona.

"Ukapepese. Pompano."

"Ndalakwa chiyani?"

"Sunalakwe. Ukapepese."

Mayi Nuala anali ataima ndi abusa komanso bambo wopita ku nkhalango uja. Ndinapita, ndipo poti kwathu mwana wamkazi sapepesa wamkulu ali chiimire, ndinagwada n'kuphatikiza manja. Sindinaganize n'komwe, mawondo anangochita zimene anazolowera. Mayi Nuala anaseka ngati munthu amene watula katundu.

"Taonani, abusa," anatero. "Izi ndi zimene ndinkafuna m'sewero muja. Amatha bwino kwambiri."

Bambo wopita ku nkhalangoyo anandisisita pamutu. "Tipemphere kuti kumene tikupita akatilandire chonchi."

Papita zaka zambiri, koma ndikakumbukira dzanja lija pamutu panga magazi amandiwirabe. Ulemu wa kwathu, umene ndinaphunzitsidwa kuti ndi wa munthu woleredwa, iwo anautenga ngati umboni wakuti anali olondola kundiveka mapepala. Ndinali nditangowawerengera m'zilankhulo ziwiri, koma chimene chinawasangalatsa chinali kundiona pansi. M'sitima pobwerera ndinakhala kutali ndi amayi, utoto udakali m'masaya.

Kalata inatuluka patapita masabata awiri. Inati amayi ndi munthu wodzichepetsa ndipo mwana wawo ndi womvera. Patapita zaka zina ziwiri boma linatilola kukhala. Lamulungu lotsatira amayi sanapite kokwerera sitima. Tinakwera basi mpaka ku Parnell Street, kumene Amalawi ndi anzathu a ku Zambia ankapempherera pamwamba pa sitolo, ndipo ku Dún Laoghaire sitinapondekonso.

Tinadzamva kuti banja lija linabwerako. Anthu a m'nkhalango aja ataona alendo akumanga pafupi, anasiya mudzi wawo n'kulowa m'kati kwenikweni. Amene ankatiuza ankanena modandaula. Ine ndine Mkhristu mpaka lero, ndipo ndikuvomera kuti ndinasangalala. Sindikuwadziwa anthu amenewo, koma ndikudziwa sewero limene ankawakonzera, chifukwa ndine amene ndinayamba kuchita mbali yawo. Palibe amene anawafunsa dzina limene amatchulira Mlengi, kapena zimene agogo awo anawaphunzitsa. Anawalembera kale mbali yopanda mawu.

Mkwiyo wanga wambiri, komabe, ndinkausungira amayi. Ndinakula ndikuwaona ngati munthu wamantha amene anagulitsa mwana wake ndi pepala limodzi. Chaka chatha, tikusankha nyemba kukhitchini kwawo ku Beaumont, ndinawafunsa.

"Tsiku lija munandigwaditsiranji, mukudziwa kuti sindinalakwe?"

Anasiya nyembazo n'kundiyang'ana. "Iwe unagwada one minute. Ine ndinatsuka makapu awo zaka zitatu, akundifunsa ngati kwathu kuli tchalitchi. Ndikanapanda kutero, bwenzi ukundifunsira kuti funso limeneli?"

Tsopano ndikudziwa kuti amayi anali okwiya kuposa ine, kungoti iwo analibe ufulu woonetsa. Mkwiyo wanga sunathe, wangopeza eni ake: anthu amene sangakupatse chinthu chabwino, kaya ndi uthenga kaya ndi kalata, asanakuone uli pansi.