Chigayo cha m'kompyuta chinkazungulirabe

Wofuna kunena kuti ndikupeka anene, koma anthu ogayitsa mpunga kufupi ndi sikimu ya Likangala akudziwa kuti izi zinachitikadi, ndipo khutu langa lakumanzereli silimva mpaka lero.

Ndinayendetsa chigayo cha mpunga zaka zambiri, moti matenda a injini ndinkawadziwa pongomva kulira kwake. Ndiye kunabwera mkamwini wa eni chigayo, wasukulu zake, wansapato zosongoka, munthu woti gaga akamugwera pamalaya ankachita ngati wamulavulira. Anamata tizipangizo pa injini, n'kulumikiza mawaya, kenako n'kutionetsa chigayo china m'kompyuta, chofanana ndendende ndi chathu, chikuzungulira. Akuti awiriwa ndi mapasa, chenichenicho chikatentha cha m'kompyutacho chimafiira, ndipo m'mafakitale akuluakulu anasiya kalekale kufunsa anthu ngati ine.

Tsiku lina m'mawa, nthawi yokolola, matumba atandanda mpaka kumsewu, ndinamva injini ikulira mwachilendo, komanso fungo la lamba wopserera. Ndinathamangira kwa mkamwini uja kukamuuza kuti tizimitse. Iye osadzuka n'komwe pampando, anangosuzumira pakompyuta n'kundiuza kuti zonse zili bwino, nkhalamba ndisiye kulota masana. Azimayi odzagayitsa mpunga anaseka. Ndinabwerera ndi manyazi anga, nanga wantchito ungatani?

Ndikuwerama kuti ndinyamule thumba, ndinangomva phuu! Chigudumu chachitsulo choyendetsa lamba chinazuka, n'kundipala khutu, n'kukaboola khoma pamwamba pang'ono pa mayi wina amene anakhala pansi akuyamwitsa. Zidutswa za njerwa zinamugwera pamiyendo. Mayiyo sanakuwe, anangoti kukamwa yasa, mwana akuyamwabe. Ine ndinali pansi, magazi ali chuchuchu.

Anthu atandinyamula, tikudutsa patebulo pomwe panali kompyuta ija, ndinaona ndi maso angawa chigayo cha m'kompyuta chikuzungulirabe mwaulemu, chosafiira ngakhale pang'ono, chenicheni chili zii, utsi uli tolotolo. Nanga katswiri wathu uja? Anali atadzikwirira kuseri kwa mulu wa mankhusu akuitana amayi ake, bambo wandevu zake. Zinadziwika pambuyo pake kuti makoswe anali atadula mawaya masiku angapo m'mbuyomo, moti kompyutayo inkangobwereza zakale.

Sindikunena kuti makompyutawa ndi ufiti ayi, mwina kwina amathandizadi. Chimene ndimakhulupirira n'chakuti chitsiru chikapatsidwa chida chanzeru chimapusa kuposa kale. Inu ogwira ntchito pamakina, mukaona kuti china chake sichili bwino zimitsani kaye, zokangana ndi abwana mudzakangane muli moyo.