A Kachingwe Abwerera M'sitandade Faifi

Aliyense amene anapempherapo m'katchalitchi ka kwa Mphanda, kumbali ya Ludzi, amawakumbukira a Cyprian Kachingwe chifukwa cha mawu awo. Munthu wake anali wamfupi, wamatewe, koma akatsegula pakamwa mukwaya malata ankachita kunjenjemera. Ankalima mtedza ndi kafodya pang'ono, ndipo chilimwe chikafika ankakweza matumba panjinga n'kudutsa m'tinjira ta m'malire kukagulitsa ku Zambia, kumene anagwirako ntchito pa esiteti ali mnyamata. Sukulu anaisiyira m'sitandade faifi bambo awo atamwalira. Zilembo ankazidziwa ndithu, koma ngati mmene timawadziwira anthu a m'mudzi wina: nkhope imabwera msanga, dzina mpaka uganizire.

Chimene chinkawadya mumtima chinali cha kumphakati. Mapemphero a pakati pa sabata ankayenda nyumba ndi nyumba, ndipo mwini nyumba ndiye ankaimirira n'kuwerenga Mawu a Mulungu. Likafika tsiku la kwa a Kachingwe, maso awo ankayamba kuvuta kuyambira m'mawa. Ankati fumbi la fodya lawalowa, ena n'kumaona okha kuti fodya akadali kunazale. Buku ankalipereka kwa mwana wawo woyamba, Tiyanjane, iwo n'kumavomera ndi mutu mwaulemu. Akazi awo, mayi Esitele, sankawanyengerera.

"Maso anuwa amadziwa kalendala," ankatero anthu akabalalika. A Cyprian ankaseka, koma kunali kuseka kwa pamwamba. Ankafunitsitsa kudzawerenga okha pamaso pa anthu, ngakhale kamodzi kokha asanakalambe.

Mu 1994 boma litalengeza kuti pulayimale ndi yaulere, a Cyprian anachapa malaya awo oyera a kwaya n'kupita kusukulu ya mpingo ya pafupi ndi kwawo. Akuluakulu ena anapitanso chaka chimenecho, koma mvula yoyamba itagwa onse anabwerera kumakasu. A Cyprian okha anakakamira. Ankalawirira kumunda, n'kusamba m'manja ndi m'mapazi, belu likamalira ali pamzere kumbuyo kwa ana. Anawaika m'sitandade faifi momwe anasiyira, ndipo tsoka kapena mwayi, m'menemo ndi mmene munali Tiyanjane.

Mphunzitsi wa kalasiyo anali Luwiza Tembo, mtsikana amene anali atangolembedwa kumene ntchito. Vuto lake loyamba linali dzina. Munthu wa ana anayi sungamuitane kuti Cyprian ngati ukuitana kamnyamata kothawa kusesa, ndiye poitana mayina ankafika pamenepo n'kutsitsa mawu, "Bambo a Tiyanjane." Iwo ankayankha kuti "Ndilipo, madamu!" mpaka mbalame za mumtengo kuuluka.

Sabata yoyamba yomweyo madamu Tembo anauza ana zimene sukulu inkafuna kwa iwo. Anati mwana wa sitandade faifi akamatha chaka ayenera kulemba kalata yomveka, kuwerengetsa masamu ogawa osagwira zala za kumapazi, ndi kudziwa chifukwa chimene timathandizira odwala ndi okalamba. Koma chachikulu pasukulu ya mpingo, anatero, n'chakuti aliyense athe kuima yekha n'kuwerenga mokweza zimene zalembedwa, osawonjezera kapena kuchotsa. Amene adzachite bwino adzasankhidwa kukawerenga m'tchalitchi Lamulungu la ana a sukulu, potsekera chaka. A Cyprian za kalata ndi masamu anangozimva ngati mphepo. Mtima wawo unakakamira pa Lamulungu limenelo.

Tsono ana chaka chimenecho anali ngati nyerere. Kalasi inkaphunzirira pansi pa mitengo ya mango, ndipo mphunzitsi mmodzi sakanatha kumvetsera aliyense. Madamu anawagawa m'timagulu, gulu lililonse ndi mtsogoleri wake woti azimvetsera anzake akamawerenga n'kuwakonza. Tiyanjane, poti anali wanzeru, anapatsidwa gulu, ndipo madamu poganiza kuti akuchita chifundo anaikamo bambo ake.

Apa ndi pamene zinasokonekera. A Cyprian anali ndi mutu wodzaza ndi maulaliki a zaka zambirimbiri. Ankagwira zilembo ziwiri zitatu zoyamba za mawu, zotsalazo n'kumalizitsa ndi zimene zinali m'mutu. Buku likati mnyamata anatenga khasu n'kupita kudimba, iwo ankati anatenga khasu n'kupita kudziko la makolo ake. Nkhani ya kasamalidwe ka nkhuku inkatuluka m'kamwa mwawo ili ndi kulapa ndi chikhululukiro. Ndipo ankawerenga mokoma, mwa mawu aja a kwaya, osakayika ngakhale pang'ono.

Ana ankayang'anizana. Ndani mwana woleredwa bwino angauze bambo wa ndevu kuti mwalakwitsa? Onse ankatembenukira kwa Tiyanjane, Tiyanjane n'kuyang'ana pansi.

"Mwakhoza, bambo," ankatero, gulu lonse n'kuwomba m'manja.

Madamu akafunsa, yankho linali lomwelo, akuchita bwino kwambiri. Iwonso pomva mawuwo ali patali ankakhulupirira. A Cyprian anayamba kuyenda monyada, mpaka anauza a kwaya kuti ayambiretu kukonzekera nyimbo yabwino yodzaimba iwo akadzamaliza kuwerenga. Chinali chikomekome cha nkhuyu.

Teremu yachiwiri ili pakati, madamu anayamba kuzungulira m'magulu kuti asankhe odzawerenga. Anafika pagulu la Tiyanjane n'kuima kumbuyo kwa a Cyprian, maso ali pabuku. Iwo anakonza kukhosi n'kuyamba. Asanafike patali madamu anawagwira paphewa.

"Pepani bambo, tabwerezani mzere umenewo."

Anabwereza, koma mzerewo unatuluka wina, wokomanso kuposa woyamba uja. Madamu anatembenuka.

"Tiyanjane, miyezi yonseyi umamva chiyani?"

Misozi inalengeza m'maso mwa mwanayo. "Madamu, ndi bambo anga."

Panalibe amene anaseka. A Cyprian anatseka buku pang'onopang'ono. Anachita manyazi kwambiri, kuposa manyazi onse a kumphakati, chifukwa kumeneko ankadziwa okha kuti akunama, pomwe kuno ananamizidwa ndi ulemu wa mwana wawo yemwe. Tsiku limenelo anabwerera kunyumba akukankha njinga osakwera, Tiyanjane akutsatira patali.

M'mawa mwake sanachape malaya. Anatenga khasu n'kunena kuti sukulu ndi ya ana. Mayi Esitele, amene nkhani yonse anali ataimva kwa mwana, anawatsekera njira atanyamula lichero.

"Mwanayu musamukwiyire, mwamulera ndinu. Inu mukufunika munthu wosakuopani. Kodi m'kalasi mwanumo mulibe Dailesi?"

Dailesi anali chitsiriza cha a Vitus, amalume awo a a Cyprian, amene anabereka mwanayu atakalamba kale. Kamtsikanako kanali kochepa ngati Tiyanjane, koma pachibale kanali msuweni weniweni wa a Cyprian. Ndipo kwathu kuno msuweni ndi msuweni, kaya wakula kaya sanakule. Angakuseke pagulu, angakulande chipewa, angakunene kuti mutu wako uli ngati dzungu, iwe osakwiya, ukakwiya anthu amaseka iweyo.

Mayi Esitele anapita okha kukaonana ndi madamu Tembo. Madamu, amene kwawo kunali kuboma, anaseka mpaka kugwira m'mimba, nati zimenezi sanawaphunzitse pamaphunziro awo auphunzitsi, amene anali a masabata ochepa chabe. Lolemba lotsatira Dailesi anasamutsidwira m'gulu la Tiyanjane n'kukhazikidwa pafupi ndi a Cyprian.

Sanachedwe. A Cyprian atangopotoza mawu oyamba, Dailesi anawomba m'manja kamodzi.

"Iii, asuweni, bodza! Pamenepo palibe angelo, alemba kuti anyezi. Kodi masowa munawasiya ku Zambia?"

Ana anagwira pakamwa. A Cyprian anatutumuka, kenaka anaphulika kuseka, gulu lonse n'kumasuka.

"Iwe kamsuweni kopanda mano, ndikakunenera kwa amalume."

"Kawauzeni. Koma yambani mwawerenga bwino, chala chikhale pansi pa mawu."

Kuyambira pamenepo ntchito inayamba. Dailesi analibe chisoni. Ankawabweza mzere umodzi mpaka thukuta kutuluka, ankawatsanzira mawu awo a besi, ankawauza kuti ngakhale mbuzi ya kwawo ikanakhala itamaliza tsambalo. Mawu a a Cyprian aja anachepa, kuwerenga kukhala kwapang'onopang'ono, kokhumudwa ngati ngolo ya m'matope. Iwo ankadandaula kwa akazi awo kuti kale ankawerenga mokoma. Mayi Esitele ankangoti wakutsina khutu ndi mnansi. Tiyanjane yekha ndiye anakhalabe chete. Bambo ake akalakwitsa ankangofinya nsonga ya diresi, kudikira kuti Dailesi alankhule, ndipo a Cyprian ankaziona zimenezo n'kumamva chisoni.

Teremu yomaliza madamu anawamvetseranso. Sanawerenge mokoma, koma anawerenga zimene zinalembedwa. Madamu anasankha ana awiri, wachitatu n'kukhala a Cyprian, ndipo anawauza poyera kuti sanawasankhe chifukwa cha ndevu.

Lamulungu lija linafika mu Julaye, kukuzizira, anthu atamaliza kukumba mtedza. Katchalitchi kanadzaza mpaka ena kuima m'mawindo, ambiri atabwera kudzaona ngati maso a a Kachingwe sayabwa. Iwo anapita kutsogolo ndi malaya oyera aja. Dailesi anali atalonjeza kuti m'nyumba ya Mulungu atseka pakamwa, ndiye panalibe wowapulumutsa.

Anaika chala pansi pa mawu n'kuyamba. Pakati pa ndime anafika pamalo amene ankawadziwa bwino kuchokera m'maulaliki, lilime n'kuthamanga lokha kutsogolo. Anaima. Anabweza chala kumayambiriro a mzere, n'kuuwerenganso mawu amodzi amodzi monga unalembedwera, mpaka anafika kumapeto. Amayi a kumphakati analuluta osadikira kuti akatekisiti awalole, ndipo a kwaya anaimba nyimbo ija popanda besi, chifukwa mwini besi anali atakhala pansi akupukuta nkhope.

Panja anthu anawaunjirira. Wina anati anawerenga ngati wansembe, wina anati sanaphonye ngakhale pamodzi. Dailesi anati mbuzi ya kwawo tsopano yapeza mnzake. A Cyprian ankathokoza onse, koma maso awo ankafunafuna munthu mmodzi. Anamupeza ataima pambali pa njinga, atagwira buku la nyimbo la amayi ake.

"Tiyanjane, anthuwa akuti sindinalakwitse. Iwe unamva bwanji?"

Mwanayo anayang'ana pansi, nayamba kufinya nsonga ya diresi. Bambo ake anadikira osamuthandiza.

"Munalakwitsa pawiri, bambo," anatero motsitsa. "Poyamba munakonza nokha. Pachiwiri, chakumapeto, munadumpha mawu amodzi."

A Cyprian anamuyang'ana mwana wawo, chimwemwe chitawadzaza. Kenaka anatembenukira kugulu lija n'kufuula ndi mawu onse a kwaya.

"Mwamva inu? Akuti ndinadumpha mawu! Esitele, kabwereke buku kwa akatekisiti, mwanayu akandionetse pamene ndinadumphapo."