Tsiku limene ababa anagwada pa siteshoni ya magetsi

Ababa anali asanaonepo kumene ndinkagwira ntchito. Ku Nselema ankauza anzawo a kumzikiti kuti mwana wawo ndiye amayatsa Balaka yense. Ine osawatsutsa, ulemu waulere amaukana ndani? Atabwera kudzandiona, ndinawatengera ku siteshoni ya magetsi kuti akaone okha.

Tsoka ilo, tsiku lomwelo kunali msonkhano wachipani pabwalo. Nduna ili pakati polankhula pa chimkuzamawu, magetsi anangoti thi!

Ndinathamangira pa rileyi, kachipangizo kamene kamadula magetsi kakamva kuti pa waya pavuta. Kambendera kake kofiira kanali katagwa. Pantchito yathu suyatsanso usanadziwe ngati rileyi yanena zoona kapena yanama. Ukayatsa waya uli pansi, uotcha thiransifoma, mwinanso munthu. Ndinatuma anzanga kukayendera mawaya, ine n'kuyamba kumasula galasi la rileyiyo.

Ndisanamalize, achinyamata achipani anatulukira pa galimoto. Mkulu wawo, kamwana kwa ine, anandigwira malaya pakhosi.

"Iwe, wazimitsira dala eti? Yatsa pompano!"

"Iyayi bwana, ndione kaye chavuta."

Mbama ija sindinaione kumene inachokera.

"Gwada! Lero ukagona kumene anzako sabwerako."

Ndinagwada, ine bambo wa ana, sikuludiraiva ili m'manja. Mantha analipo, koma chimene chinandipha ndi manyazi. Mumtima ndinkangopempha kuti ababa ayang'ane kumbali.

Sanatero. Anavula chisoti chawo. Munthu amene moyo wanga wonse ndinkamuona akugwada popemphera swala pokha, anagwada m'fumbi pambali panga.

"Bwana, msiyeni amalize. Akalephera, mutenge ine," anatero.

Mnyamata uja anaseka, n'kundikankha ndi nsapato kuti ndipitirize. Nditatsegula ndinapeza nyerere zitaunjika dothi lonyowa pakati pa tizitsulo tiwiri timene sitiyenera kukhudzana. Nyerere zenizeni, abale! Anzanga anaimba kuti mawaya ali bwinobwino. Ndinapukuta dothi lija pa tizitsulo tija, ndinayesa, ndinayatsa. Achinyamata aja anapita osanditenga.

Pobwerera kunyumba tinayenda ngati osadziwana, iwo kutsogolo ine pambuyo. Titayandikira pakhomo anaima, osanditembenukira.

"Amako asamve zimenezi."

"Chabwino, ababa."

Anakhala ndi moyo zaka zambiri pambuyo pake, koma ku Balaka sanapondekonso. Nanenso sindinalimbe mtima kuwaitana.