Mkati mwa chigubu chachikasu

Mwana wanga atayamba kudya phala, ndinadana ndi chigubu chathu chosungira madzi akumwa, chachikasu, chomwe kale chinali cha mafuta ophikira.

Chinandisokoneza ndi chithunzi chomwe anationetsa ku koleji ndikuphunzira zaukhondo. Anali atajambula pulasitiki ndi makina okuza tinthu tosaoneka ndi maso. Chinthu chosalala ngati mbale chinaoneka ngati munda wolimidwa kumene, mizere, maenje, timakwawa. Aphunzitsi anati chigubu amachiumba pouzira mpweya m'pulasitiki wotentha, ndipo ukachikanda m'kati, majeremusi amapeza pogona. Ndinakhoza mayeso n'kuiwala. Nditabereka, chithunzicho chinabwerera chokha.

Kwathu ku Nkhudzi chigubu timatsuka ndi mchenga. Umathiramo mchenga, timiyala ndi madzi pang'ono, n'kukhutchumula mpaka mikono kuwawa. Amuna anga ankakonda ntchito imeneyi, ankachita kuvina nayo.

"Bambo ake, musathirenso mchenga," ndinawauza. "Mukuwalimira mizere majeremusi."

"Ati? Tandionetseni mmodzi ndimupatse moni."

"Saoneka."

"Ndiye inu munawaona bwanji, mayi a satifiketi?"

Anaseka, koma anasiya. Tinkangotsukuluza ndi sopo. Posakhalitsa pansi pa chigubucho panamera ndere, pakona pomwe dzanja silifika. Ndinasuzumira ndi diso limodzi, misozi n'kuyamba. Mchenga ndikuuopa, ndere ndikuziopa, kunja kukutentha, timilomo ta mwana tikuuma. Kunena zoona, madzi ndinkangomuzengerezera, n'kumamukakamiza bere ngakhale atakhuta.

Tsiku lina bambo ake atabwera kuchokera kunyanja anandipeza ndikusuzumiranso. Anatenthetsa mpeni pamoto n'kudula mutu wonse wa chigubucho.

"Lowetsani dzanja, adokotala."

Ndinalowetsa. Zala zinakhudza msoko wapansi ndi mikwingwirima ya mchenga wa zaka zonse zija. Ndinatsuka ndi kansalu kofewa, ngati ndikusambitsa mwana.

"Koma mwachiononga," ndinatero.

"Eya. Vindikirani ndi mbale."

Ndinawiritsa madzi, n'kuwasiya azizire m'menemo, mbale ili pamwamba. Sipuni yoyamba mwana anakwinya nkhope n'kulavulira bambo ake pachifuwa. Yachiwiri anaigwira yekha, osafuna kuisiya.

M'mawa mwake ndinamasula thewera la mwana kuti ndione ngati watsegula m'mimba. Munalibe chachilendo. Ndinayang'ananso, n'kupita nalo pakhomo powala.

"Zili bwanji?" anafunsa bambo ake, akusoka ukonde.

"Zili bwino."

"Ndiye mupatseni madzi ena. Ine ndamva kale ludzu m'malo mwake."