Njerwa za Kutsidya

Kwathu kwa Kaduya mtsinje umadula mudzi pakati. Tsidya lino kuli nyumba ndi minda, tsidya linalo kuli dothi. Dothi lenileni, lomata, loti njerwa yake ukaigogoda imalira ngati mbale. M'chilimwe kutsidyako kunkakhala ngati tauni: mauvuni akufuka, anyamata akuthamanga ndi zikombole, ngolo ndi malole zikupatsana njira pa mlatho wa matabwa. Njerwa zathu zinkafika mpaka ku Migowi.

Amuna anga anali mkamwini, anadzakhala kwathu monga mwa mwambo. Nyumba yathu inali itang'ambika khoma, ndiye chaka chimenecho anaumba njerwa kutsidyako kuti timange ina tsidya lino pafupi ndi mayi anga, amene miyendo inali itayamba kuwavuta. Uvuni unapsa bwino, ine mpaka nthungululu.

Kenaka kunabwera anthu a kampeni, zimkuzamawu padenga la galimoto, akugawa nsalu. Eti mlatho wa matabwa ndi wochititsa manyazi, atimangira wa simenti. Tinawomba m'manja, zitsiru ife! Sabata yomweyo anyamata awo anazula matabwa onse. Anakumba maenje, anaimika zipilala ziwiri, voti n'kudutsa, basi zii. Matabwa aja kaya analowera kuti.

Wa lole wodzatuta njerwa zathu anafika pagombe, n'kusuzumira pansi, n'kuti, "Mayi, galimoto yangayi si bwato." Wa ngolo anayesa kudutsa pamchenga, ngolo n'kutitimira, tinachita kuifukula ndi makasu. Ine ndinayamba kusenza njerwa m'beseni, khosi kuuma gwa, koma mulu tsidya lino sunkakula n'komwe. Ha, ndinatukwana chaka chimenecho, Mulungu andikhululukire. Mitambo nayo inali itayamba kusonkhana pa phiri la Michesi.

Tsiku lina tili pa uvuni amuna anga anati, "Mayi a ana, madzi akasefukira uvuniwu upita. Bwanji tingomanga konkuno, pamtunda pa munda wa amalume anu?"

"Mkamwini wa mtundu wanji wobera mkazi kwawo?" ndinakalipa. Masiku angapo sindinawayankhule. Koma mayi anandiitana n'kuti, "Pita mwanawe, ana asagone m'nyumba yakugwa. Si apa pomwepa?"

Tinamanga kutsidya. Mvula itagwa mtsinje unadzaza, madzi ofiira, akukokolola mitengo ndi nthochi. Kuti ukafike kwa mayi unkayenera kuzungulira pa njinga mpaka ku msewu waukulu, tsiku lonse ukukankha m'matope. Zipilala zija zinangoima pakati pa madzi, akakowa akupumirapo.

M'mawa wina ndikuchapa ndinamva kulira kuchokera kwathu. Ndinathamangira kugombe, sopo ali m'manja. Mng'ono wanga anali ataima tsidya lija, manja ali kumutu, akukuwa, koma mkokomo wa madzi unkameza mawu ake. Denga la mayi ndinkaliona bwinobwino. Ndinkaona azimayi akulowa mmodzimmodzi.

Ndinafika dzuwa likulowa, atawasambitsa kale anthu ena.