Bulekidauni Yopanda Kilachi

Zaka zija tinkaima pamzere kuti tigule sopo ndi mafuta ophikira, ine ntchito yanga inali yokoka magalimoto owonongeka mu Lusaka. Kampani ina yomanga misewu ikutseka, inagulitsa mabulekidauni awiri, ina ya magiya, ina ya otomatiki. Ndinapita kukawaona ndi akulu anga, amene anali makanika ndipo ankakhala ku Chelstone.

"Tenga ya magiya," anatero akulu anga. "Ukakoka chintu cholema, giya usankha weka. Iyi inangu ikafa, masipeya uzayapeza kuti?"

Ankanena zoona, ndipo ndinkadziwa. Koma bondo langa lakumanzere linali litayamba kutupa. Ndikaponda kilachi tsiku lonse m'tauni, madzulo ndinkatsika m'galimoto ngati nkhalamba. Sindinauze munthu, ngakhale mkazi wanga. Ndinkaopa kuti andiletsa kuyendetsa, chonsecho ntchito ina sindinkaidziwa. Ndinatenga ya otomatiki, n'kunama kuti injini yake ndiyo yabwino.

Miyezi ingapo zinayenda, bondo n'kupumako. Ndiye m'mawa wina wa chisanu, munthu akundidikira ku Woodlands, batire inafa. Mabatire anali osowa masiku amenewo, moti ku Kabwata kwathu magalimoto ambiri ankalira mochita kukankha. Ukangotsegula boneti, aneba ankabwera okha osawaitana. Anabwera amuna asanu, kuphatikizapo atcheyamani a chipani a m'sekishoni yathu, atavala kale taye.

Otomatiki siilira pokankha. Ndinayenera kuwauza, koma manyazi ananditseka pakamwa. Ndinakwera, iwo n'kuyamba kukankha chigalimoto chija mpaka kufupi ndi msika, thukuta lili kamukamu.

"Ba dilaiva, fakani mu sekondi!" anakuwa atcheyamani. "Manje siyani kilachi!"

"Kilachi kulibe," ndinayankha chamumtima, kenako mokweza.

Mawu amene anandiyankha sindingawalembe pano.

Mkazi wanga anatumiza uthenga ku Chelstone. Akulu anga anafika masana pa kagalimoto kawo, nkhope ili gwa.

"Nenze ninakuuza. Nanga unaitengela chani, iwe?"

Bodza linandithera. Ndinapinda thalauza, ndinawaonetsa bondo. Linali ngati papaya. Analiyang'ana nthawi yaitali, ine ndikudikira kuti anene kuti ndipereke makiyi.

"Chinayamba liti?"

"Chaka chatha, ba kulu."

Anatenga sipanala, anamasula batire ya m'galimoto mwawo, n'kuimanga m'bulekidauni yanga. Nditapotoza kiyi inalira kamodzi.

"Yenda ku Woodlands, muntu akuyembekeza," anatero.

Kagalimoto kawo ndinakakoka ndekha kukakasiya pabwalo pawo. Kanakhala pamenepo mvula ziwiri, udzu n'kumera m'munsi mwake. Nthawi yonseyo akulu anga, munthu wa imvi, ankadzuka mbandakucha kukalimbirana basi yochokera ku Chelstone, bokosi la zitsulo lili m'manja, ine ndikuyendetsa.