Manja Opanda Utomoni

Kuseri kwa bafa lathu la udzu kunkakhala kamwala kofiirira, kokhakhala ngati lilime la ng'ombe, kokwana m'chikhatho. Kwa anthu ena mwala wotere ndi wokwechera zidendene. Kwathu kanali ka manja anga. M'mamawa uliwonse amayi ankandigwira pamkono, n'kundikhazika pachitsa, n'kuyamba kukwecha chala ndi chala mpaka khungu litafiira. Ndikati mayo ine, iwo ankangoti, "Lira, koma utomoniwu uchoke." Amene sanathyoleko fodya saudziwa utomoni wake. Umamata m'manja bii, umalowa m'zikhadabo, ndipo sopo payekha sauchotsa. Fungo lake ndiye musanene, ungasambe kangati limakhalapobe.

Tinali matenanti pa esiteti ina cha ku Mkanda, m'boma la Mchinji. Kwathu kwenikweni ndi ku Phalombe, koma ine kumeneko ndinkangokumva m'nkhani. Abambo anabwera kudzalima fodya ine ndili kumsana, ati kwa chaka chimodzi chokha. Chaka chimodzicho chinabereka zaka zinzake. Tinayenda maesiteti angapo, ndipo kusamuka kulikonse kunkandidyera kalasi, moti pofika Sitandade 8 ndinali wamkulu kuposa atsikana onse. Ankanditcha agogo a kalasi. Chabwino, agogo. Koma pa masamu agogowo ankawasiya adzukulu awo kutali. Sindikudzitama ayi, ndikungonena mmene zinalili: nambala wani inali yanga, enawo ankalimbirana yachiwiri.

Aphunzitsi athu anali munthu wamfupi, wa njinga yopanda mabuleki imene ankaiimitsa pokwekweretsa nsapato pansi. Anali ndi chizolowezi chimene sindinachionenso kwina kulikonse. Belu likangolira, ankaima pakhomo la kalasi n'kufuula kuti, "Manja!" Tonse tinkandanda titatambasula zikhatho. Iwo ankayang'ana, kutembenuza, kenako n'kununkhiza. Akapeza utomoni sankamenya. Bola akanamenya. Ankangogwedeza mutu n'kunena kuti, "Dzulo unawerenga fodya." Madzulo ake njinga ija inkaoneka ikutsetsereka kulowera ku esiteti, ndipo mzere wonse wa nyumba unkadziwa kuti lero manyazi agwa pakhomo la uje. Kamwala ka amayi kaja kanayamba ntchito chifukwa cha njinga imeneyo.

Chakumayambiriro kwa teremu yachiwiri, mvula ili pakati, makolo a Sitandade 8 anaitanidwa kusukulu. Ife tinkasuzumira pazenera. Ndimasekabe ndikakumbukira abambo, munthu wamtali chotere, atapanikizika padesiki ya ana, mawondo ali pachibwano, chipewa chili m'manja. Aphunzitsi anayala zofuna zawo mosapita m'mbali. Mwana azifika dzuwa lisanatuluke. Akaweruka azibweranso masana. Asalowe m'munda wa fodya kapena m'chigafa, shedi ija yoyanikamo masamba, mpaka atalemba mayeso. Teremu yomaliza onse adzagonera pasukulu, makolo adzabweretsa ufa ndi ndiwo.

Abambo anaimika dzanja ngati mwana wasukulu, anthu n'kuseka.

"Aphunzitsi, zonsezi n'zabwino. Koma fodya sadziwa kuti kuli mayeso."

"Zoona bambo," anatero aphunzitsi. "Vuto lake mayesonso sadziwa kuti kuli fodya."

Nthawi imeneyo ndinkati abambo sakonda sukulu. Lero sindingatero. Tenanti amayesedwa ndi manja amene ali pakhomo pake. Fodya akapsa amapsa tsiku lomwelo, ukachedwa tsamba lawonongeka, ndipo pa kusoka masamba kuti akapachikidwe panalibe wondiposa liwiro pamzere wathu wonse. Kuchotsa ine m'chigafa kunali kuwadula abambo mkono. Poyamba ankandibabe pang'ono: "Iwe, tangothandiza mzere umodzi." Amayi n'kumakwecha m'mawa mwake, akung'ung'udza chapansipansi. Kenako, popanda chilengezo chilichonse, anangosiya kundiitana. Gawo langa analitenga amayi ndi mlongo wanga wamng'ono. Ndikamadutsa ndi makope anga ndinkawaona atakhala pansi m'chigafamo, singano zazitali zili m'manja, masamba ali mulu mpaka m'chiuno. Ndinkangowapatsa moni n'kupitirira, mutu uli m'mwamba ngati mlendo wochokera ku boma. Eee, ndinali ndi matama mwana ine.

Mvula itatha tinasamukira kusukulu, aliyense ndi mphasa yake pamutu. Atsikana tinkagona m'kalasi ya Sitandade 1, pansi pa zithunzi za a, e, i, o, u. Munkanunkha choko ndi ndowe za mileme. Kuzizira kunkalowera pamazenera opanda magalasi, tinkagona titathithikana ngati anapiye. Amayi athu ankasinthana kubwera kudzaphika ndi kudzagona pakhomo kutilondera. Kunja kukangoti mbee, aphunzitsi ankamenya chitsulo, ife n'kutuluka tikunjenjemera, mbatata yootcha ili m'manja, n'kuyamba kuloweza mitsinje ndi mapiri a dziko lathu ngati nyimbo ya kutchalitchi. Inali nyengo ya mtedza, anzathu a m'midzi ankatibweretsera wauwisi m'matumba a malaya. Sindinakondwepo chotero chibadwire. Kwa nthawi yoyamba ntchito yanga inali imodzi yokha, ndipo inali ntchito imene ndinkaitha.

Chaka chimenecho fodya wa abambo anachita bwino. Ndipo chimene chinali dalitso kwa iwo chinasanduka tsoka kwa ine. Kuseri kwa nyumba yathu kunali malata amene ankagula pang'onopang'ono zaka zonsezo, atawamanga ndi waya, akudikira kukafolera nyumba ku Phalombe. Tsopano anali atakwana. Abambo analengeza kuti basi, za utenanti zatha, tikupita kwathu. Lamulo la pa esiteti linali lodziwika: fodya akamangidwa m'mabelo, lole imabwera kamodzi kokha kudzatenga amene akubwerera kwawo, ndipo amene sanalembetsenso chaka china amatuluka m'nyumba tsiku lomwelo kuti mulowe ena. Kapitawo, amene ankayang'anira matenanti, anati lole ifika Loweruka. Mayeso anali asanayambe, koma anali pafupi moti tinkachita kuwamva fungo.

Abambo anabwera kusukulu kudzanditenga. Analibe nkhawa ngakhale pang'ono, anafika akumwetulira, n'kuwathokoza aphunzitsi ndi manja awiri. M'maganizo mwawo nkhani inali yapafupi: mwana waphunzira kuno, akalembera kwathu.

"Sizitheka bambo," anatero aphunzitsi. "Dzina lake ndi chithunzi chake zinapita kale. Malo ake olembera ndi ano."

"Mayesowa si a boma kodi? Ku Phalombe si Malawi yemweyu?"

"Ndi Malawi yemweyu. Koma kumeneko sakumudziwa. Akakwera loleyo, ndiye kuti abwereza kalasi chaka chamawa. Ndipo bambo, tamuonani msinkhu mwanayu. Inu ndi ine tikudziwa kuti sakabwereza."

Ngakhale ine ndinkadziwa kuti mtsikana wa msinkhu wanga akafika kumudzi ali chikhalire, azakhali amayamba kumuyang'ana ndi diso lina, ndipo anyamata amayamba kudutsa pakhomo kawirikawiri. Abambo anangoti, "Ndamva." Koma mphasa yanga anaipindabe n'kuimanga panjinga.

Kunyumba ndinachita zimene sindinachitepo. Ndinakana kudya. Ndinawauza amayi, mokweza kuti abambo amve ali panja, kuti ine loleyo sindikwera, akafuna adzandinyamule ngati belo la fodya. Ndinkayembekezera khofi. Silinabwere. Amayi ankangokulunga mbale m'zitenje. Iwonso ankakufuna kwawo, mwina kuposa abambo. Mayi awo anali okalamba, ndipo abale awo ena anaikidwa m'manda iwo kulibe. Mawu okha amene ndinawamva akuwauza abambo, motsitsa mawu, akumanga mtolo, anali akuti, "Manja aja ndawakwecha chaka chathunthu, bambo ake."

Loweruka lole inafika ndi fumbi lake. Mzere wonse unali piringupiringu. Nkhuku zomangidwa miyendo, mbuzi zikulira, mitondo, njinga, matumba a chimanga, ana akuponyedwa m'mwamba n'kumalandiridwa. Malata athu anakwera moyamba, abambo akuwalondera kuti wina asawaponde. Ine pamapeto pake ndinakwera ndekha, palibe anandinyamula. Ndinakhala pathumba la chimanga, n'kutsegula kope langa la sayansi, n'kuyamba kuwerenga mokweza, dala. Ziwalo za duwa. Ulendo wa madzi kuchoka panyanja kupita kumitambo. Misozi inkadontha pakope, koma sindinasiye. Amayi ena anati, "Koma mwanayu wapenga?" Ine ndinakweza mawu.

Abambo anali pansi, chingwe chomangira katundu chili m'manja. Anachiponya pamwamba pa katundu, anachikoka, koma sanamange mfundo. Anangoima akundiyang'ana. Dalaivala anali atayamba kale kuliza hutala.

"Iwe," anandiitana. "Tandiyang'ana. Mayesowo ukhozadi?"

Funso limeneli akanafunsa mwana wina, mwina akanayamba za kuti Mulungu akalola. Ine ayi.

"Ndikhoza. Ndipo ndipita kusekondale."

Sindinaphethire n'komwe. Abambo anapumira m'mwamba, anavula chipewa, anakanda m'mutu, n'kuchivalanso.

"Tsika. Muuzenso mlongo wako atsike."

Aaa, dalaivala anatukwana tsiku limenelo! Malata anali pansi pa katundu wa mabanja onse, ndipo kuti atuluke panafunika kutsitsa mbuzi za eni, mitondo ya eni, chilichonse. Anzawo a abambo ankawanyengerera: "Achimwene, mwana mmodzi? Msiyeni kwa aphunzitsi, adzatipeza." Abambo ankangosolola malata limodzilimodzi. Sanali munthu wosiya mwana wamkazi kwa anthu achilendo, m'dziko la eni, osadziwa adzabwera liti ndiponso ndi ndani. Atatha anasasa manja n'kulunjika kunyumba ya kapitawo kukalembetsanso. Lole inanyamuka anthu akuimba nyimbo yakwathu. Amayi sanaiyang'ane. Analowa m'nyumba imene anali ataisesa motsanzika m'mawa womwewo, n'kuyamba kumasula mbale m'zitenje.

Mayeso ndinakhoza, monga ndinanenera. Kusekondale ndinasankhidwa, ya m'boma lomwelo la Mchinji. Pamenepo palibe chodabwitsa, ndipo sindikukumbukira kuti ndinadabwa. Chimene chimandibwerera kawirikawiri ndi Lamulungu lotsatira tsiku la lole lija, ndikukonzeka kubwerera kukagonera kusukulu.

Padzala lathu panali patamera kamtengo ka mango, kongomera kokha kuchokera ku njere imene wina anataya nthawi ya dzinja. Ndinawapeza abambo atakazula bwinobwino ndi dothi lake, akukabzala kutsogolo kwa nyumba. Anakumba dzenje lalikulu, anathiramo manyowa a mbuzi, anathirira, n'kukatchinga ndi minga kuti ziweto zisakadye. Ine ndinaseka.

"Abambo, mango a pa esiteti adzadya ndani?"

"Amene adzakhalepo," anatero, osadzutsa mutu.

Pamzere wonse uja panalibe mtengo wazipatso ngakhale umodzi, ndipo ndinali ndisanadzifunsepo chifukwa chake. Matenanti ankabzala maungu, nyemba, tomato, zinthu zimene zimacha lole isanabwere. Mtengo ankati n'kudzitchera wekha, chifukwa aliyense pamenepo anali wa chaka chimodzi, ngakhale amene imvi zinamerera pomwepo. Ine ndinkati abambo atsika palole chifukwa cha masiku ochepa a mayeso, ndipo chaka chamawa tidzakwera tonse. Iwo anali atawona kale patali. Ndikakhoza, sekondale idzakhala ya konkuno, zaka zinayi. Pambuyo panga pali mlongo wanga. Funso lija sanandifunse kuti amve ngati ndingalembe mayeso. Ankafunsa ngati ndili woyenera moyo wawo wotsala, ndipo ine ndinayankha msangamsanga ngati funso la masamu. Mango aja anabereka, abambo anadya, adzukulu awonso anadya. Ku Phalombe sanabwererenso. Anagona ku Mkanda konko, m'manda a alendo.

Koma tsiku limenelo ndinalibe nazo ntchito zimenezo. Ndinali nditapambana, basi. Ndinasenza mphasa yanga, n'kuwatsanzika abambo akadali chogwada padothi lonyowa, akusindikiza ndi zikhatho mozungulira kamtengo kaja. Anandiuza kuti ndifulumire, ndingachedwe phunziro la masana. Ndinathamanga njira yonse, ndikuloweza mitsinje.